Mmene tinathetsera mzere pa ndowa yosambira m'manja

Makalasi aang'ono atatsegulidwanso pa 12 Okutobala 2020, patatha miyezi yoposa 6 sukulu zili zotseka chifukwa cha mliri wa Covid-19, kalasi langa la Sitandade 2 linali ndi ndowa imodzi yokha ya mpopi. Ana ankathithikana pamzere, zomwe zinkaphwanya lamulo lokhala motalikirana, ndipo chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti aliyense ankagwira mpopi womwewo ndi manja akuda.

Ndinapempha makolo zigubu zakale za mafuta ophikira za malita 5, ndipo mothandizidwa ndi a komiti ya sukulu tinakonza mipondagiya inayi motalikirana. Chigubu chilichonse tinachiboola cham'mwamba ndi msomali wamoto, tinachipachika pandodo yopingasa pa mphanda ziwiri, kenako tinamanga chingwe kuchokera pakhosi pake kufika pakamtengo kopondera. Mwana akaponda, chigubu chimapendekeka, madzi n'kumatuluka pang'onopang'ono popanda kugwira kanthu.

Sopo ndiye anativutitsa, chifukwa ankagwera m'dothi kapena kutengedwa ndi akhwangwala. Ndinamuboola pakati, ndinamumangirira kundodo ija n'kumuvindikira ndi kachitini, ndipo pansi tinathirapo timiyala kuti pasachite matope.