Kuchotsa Phokoso la Magetsi pa Mawaya a Sensa Olowa mu PLC

Gawo ili la malangizo talikonza kuno ku Mzuzu kuti lithandize amisiri a ku Chipata, Lundazi ndi Lusaka. Zimitsani magetsi musanatsegule bokosi la PLC, kakompyuta koyendetsa makina. Kumanga mawaya pa matheminali mukukudziwa kale.

Phokoso lomwe tikunenali silimveka m'khutu. Ndi magetsi osokera amene amalowa mu waya wa sensa kuchokera ku mota, ku VFD (chipangizo chosintha liwiro la mota) kapena ku contactor (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa mota) ikamatseka ndi kutsegula. Mumaliona pa sikirini: madzi m'thanki ali phee, koma nambala ikungovina, pampu n'kumayaka ndi kuzima popanda chifukwa.

Gwiritsani ntchito waya wopotana awiriawiri wokhala ndi shield, chitsulo chopyapyala chokuta mawayawo. Shield ilumikizidwe ku earth (waya wopita m'nthaka) mbali imodzi yokha, ku bokosi la PLC. Mbali ya ku sensa iduleni bwino ndi kuikulunga tepi kuti isakhudze chitsulo. Mukalumikiza mbali zonse ziwiri, magetsi amayamba kuyenda m'shield momwemo, phokoso n'kuchuluka. Waya wa sensa usayende mu paipi imodzi ndi waya wa mota. Pomwe akuyenera kukumana, adutsane mopingasa, asatsatane. Ngati mtunda ndi wautali, sankhani sensa ya 4–20 mA. Ya 0–10 V imatola phokoso msanga.

Tsopano filter, sefa ya mu PLC yokhazikitsa nambala yovina. Magetsi a ZESCO, monganso a ESCOM, ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), choncho pa analog input, module ya PLC yolandira muyeso wa sensa, sankhani 50 Hz, kutanthauza kuti module iziwerenga kwa 20 ms pa muyeso uliwonse. Onetsetsani ndi maso anu, chifukwa ma module ena amabwera atatcheredwa pa 60 Hz ya ku America.

Apa pali chenjezo. Amisiri ambiri akaona nambala ikuvina amathamangira kukweza filter mpaka nambalayo itakhazikika. Chonde musatero. Filter yaikulu imachedwetsa chilichonse, ngakhale uthenga weniweni. Pa kutentha kwa uvuni, komwe kumasintha pang'onopang'ono, masekondi angapo alibe vuto. Koma pa presha ya m'paipi, PLC idzamva mochedwa, paipi itaphulika kale. Yambani ndi mawaya ndi earth, filter ibwere pomalizira ndipo ikhale yochepa. Yesaninso makina ali pa jenereta, poti zogwiritsa ntchito magetsi zikachuluka 50 Hz ija imasuntha.

Nambala ikatsika kupitirira 4 mA n'kufika pafupi ndi 0, limenelo si phokoso. Waya waduka kapena sensa yafa, ndipo alamu ilire.

Filter siiteteza ku mphenzi. Nyengo yamvula kuno imatentha ma module ambiri pa mawaya otuluka panja, opita ku thanki kapena ku mjigo wamagetsi. Ikani surge protector (chipangizo choteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi) pamene waya ukulowera m'bokosi, waya wake wa earth ukhale wamfupi, ndipo muziiona mvula yamabingu ikadutsa.