Kusankha pulogalamu yolembera ndalama pa bizinesi ya ntchito zamanja

Anthu amene amadalira ntchito zamanja, monga osema ziboliboli, oluka madengu ndi mphasa, oumba mbiya, osoka zikwama za chitenje ndiponso otunga mikanda, amafika poona kuti kope limene amalembamo ndalama silikuwakwaniranso. Kawirikawiri izi zimachitika katundu akayamba kutuluka m'njira zingapo nthawi imodzi: wina akugulitsidwa pamsika, wina wasiyidwa m'shopu ya pa hotela kapena loji ya kunyanja kuti ndalama zidzabwere akagulidwa, ndipo wina ndi wa oda imene mwini wake analipirako theka kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Apa m'pamene munthu amayamba kufunsafunsa za mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta. Langizo lathu ndi lakuti musanafunse dzina la pulogalamu, muyambe mwalemba mafunso amene mukufuna kuti iyo izikuyankhani mwezi ukatha, chifukwa mafunsowo ndi amene angakuthandizeni kukana zimene simukuzifuna.

Funso lalikulu kwa waluso aliyense ndi lakuti chinthu chimodzi chikumudyera ndalama zingati kuti chifike pogulitsidwa. Wogulitsa mugolosale amaoda sopo pa mtengo wodziwika n'kuikapo phindu lake, koma wosema alibe mwayi wotere. Iye amagula mtengo, amalipira wounyamula, amagula sandipepa ndi polishi, nthawi zina amalipira mnyamata womuthandiza kusalaza, ndipo pamwamba pa zonsezi pali masiku amene iye mwini wathera pa ntchitoyo. Tiyerekeze kuti telala wagula chitenje pa K9,000 n'kusokamo zikwama zitatu. Nsalu yokha yadya K3,000 pa chikwama chilichonse, ndipo tisanafike pa zipi, ulusi, nsalu yam'kati, lendi ya pakhonde ndi thiransipoti, n'zosavuta kuganiza kuti kugulitsa pa K6,000 ndi phindu pamene kwenikweni mpamba ukudyeka. Choncho pulogalamu imene imangolemba ndalama zolowa ndi zotuluka, osakulolani kugawa zotulukazo m'magulu monga zipangizo, malipiro a antchito ndi mayendedwe, ingokhala kope lomwe lija koma lofuna batire. Onetsetsaninso kuti muli malo olembamo ndalama zimene mwatapa kukagwiritsa ntchito pakhomo, pakuti ndiwo, chigayo ndi fizi n'zimene zimamaliza mpamba mwakachetechete.

Chinthu chachiwiri choyesera pulogalamu ndi katundu wosiyidwa kwa ena ndi ndalama za dipoziti. Madengu makumi awiri amene mwasiya m'shopu ya munthu wina akadali anu mpaka atagulidwa, ndipo mukawalemba ngati ogulitsidwa mudzaona phindu limene kulibe. Momwemonso, ndalama imene kasitomala wapereka poyamba kuti mumusemere mpando si phindu, koma ili ngati ngongole imene mudzabweze ndi ntchito. Mapulogalamu ambiri osavuta a pafoni sasiyanitsa zimenezi. Poyesa pulogalamu, lowetsani nkhani ziwirizi tsiku loyamba lomwelo, muone ngati ingakuuzeni kuti katundu wanu ali kuti, ndani ali nanu ngongole, ndiponso ndani akudikira katundu kwa inu.

Nkhani ya mtengo ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Mapulogalamu otchuka monga QuickBooks Online ndi Xero amalipiridwa mwezi ndi mwezi, m'ndalama zakunja, ndipo amafuna khadi ya kubanki yotha kulipira pa intaneti. Mtengo wake m'makwacha sukhazikika. Mu November 2023 banki yaikulu ya Reserve inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankalipira, tinene, madola 15 pamwezi anaona bilu yake ikuchoka pa K17,700 kufika pa K25,500 popanda kusintha chilichonse pa bizinesi yake. Kuwonjezera apo pali bandulo, popeza mapulogalamu amenewa sagwira ntchito popanda intaneti. Ndi abwino ndithu kwa amene ali ndi antchito angapo, amatumiza katundu kunja ndipo ali ndi akauntanti, koma kwa mayi woluka nsengwa amene amagulitsa kwambiri m'miyezi ya alendo yokha, kulipira chaka chonse n'kudzisenzetsa katundu wosafunika. Mukamawerenga malangizo a pa intaneti mudzakumananso ndi dzina la Wave, imene ambiri amaitama kuti ndi yaulere, koma dziwani kuti eni ake anaikonzera mabizinesi a ku United States ndi Canada.

Kwa ambiri, poyambira pabwino ndi tebulo la mizere ndi madanga la Google Sheets, Excel kapena LibreOffice Calc. Google Sheets ndi yaulere, imatseguka pafoni, ndipo mungaikonze kuti fayilo yanu izitseguka ngakhale palibe netiweki. Tsamba limodzi likhale la zogulitsa, lina la zogula, lina la katundu amene ali kwa ena, ndipo lomaliza la ngongole. Vuto lake ndi lakuti palibe chimene chimakuletsani kulakwitsa, ndipo chala chimodzi chikhoza kufufuta kawerengedwe konse, n'chifukwa chake ndi bwino kupempha wodziwa kuti akukonzereni tebulolo ndi kutseka madanga amene amawerengetsa okha.

Amene ali ndi kompyuta angayese Manager kapena GnuCash. Onse awiri amapezeka mwaulere akaikidwa pakompyuta, sadalira intaneti, ndipo amalola kulemba ndalama m'makwacha. Mwa awiriwa, Manager ndiyo yoyenerera bwino ntchito zamanja chifukwa imasunga kaundula wa katundu ndi kutulutsa invoyisi (chikalata chofunsira malipiro) yooneka bwino, yomwe mahotela ndi mabungwe amafuna asanalipire. GnuCash ndi yodalirika, koma imafuna munthu amene anaphunzirako kalembedwe ka ndalama. Magulu a amayi ndi makoparetivi angapindule kwambiri ndi njira imeneyi ngati atagwirizana kuti laputopu imodzi izikhala ndi msungichuma, ndipo wina wachiwiri aphunzitsidwe kuti ntchito isaime msungichumayo akachokapo. Kwa amene ali ndi shopu yokhazikika, Loyverse imathandiza kulemba zogulitsa ndi kuwerenga katundu pafoni, ngakhale kuti payokha siisunga mabuku onse a bizinesi.

Pulogalamu iliyonse imene mwaikonda, funsani ngati ingakuloleni kutulutsa zolemba zanu zonse n'kuzisunga mu fayilo ya Excel kapena PDF. Mafoni amabedwa pamsika, amagwera m'madzi, ndipo makampani ena opanga mapulogalamu amatseka kapena kuyamba kulipiritsa chimene chinali chaulere. Ngati zolemba sizingatuluke, musaike bizinesi yanu m'menemo. Muzisunga fayilo ina pa fulashi kapena kudzitumizira pa imelo sabata iliyonse. Poti magetsi amazimazima ndipo netiweki imavuta m'madera ambiri, kakope kakang'ono kolembamo pamsika kasachoke m'thumba, ndipo madzulo muzisamutsira zonse m'pulogalamu.

Ndalama za pafoni zizilembedwa pazokha, osazisakaniza ndi zam'manja kapena za kubanki. Kasitomala akatumiza ndalama, zimene mudzalandire kwa ejenti zimachepa chifukwa cha zodula potapa, ndipo zodulazo ziyenera kulembedwa ngati ndalama zotuluka. Ngati n'kotheka khalani ndi nambala ya bizinesi yokha, kuti mauthenga a malipiro asasokonekere ndi ndalama zotumizirana pachibale.

Musataye kope lanu pa tsiku limene mwaika pulogalamu. Lembani konse kuwiri kwa mwezi wathunthu, kenako werengani ndalama zimene zili m'manja, pafoni ndi kubanki, muone ngati zikufanana ndi zimene pulogalamu ikunena. Zikasiyana, fufuzani pamene pasokonekera musanapitirire. Onaninso nthawi imene kulembako kukukutengerani, chifukwa pulogalamu imene imafuna ola lathunthu usiku uliwonse mudzaisiya miyezi iwiri isanathe. Malisiti a zogula asungidwebe m'envulopu ya mwezi uliwonse, popeza a bungwe lotolera misonkho la MRA, mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama akafuna umboni amafunsa mapepala pamodzi ndi zimene zili m'kompyuta. Amene akufuna kuphunzira kalembedwe ka ndalama asanasankhe angafunse ku bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati kapena kwa mkulu woona zamalonda ku khonsolo ya boma lawo za maphunziro amene alipo.