Pamchombo poboola pakayamba mafinya, osathamangira kuzula kandolo

Fasho yoboola pamchombo yafika kwathu kuno ku Mangochi, tifune tisafune. Ena anaionera kwa alendo aja amasamba ku Cape Maclear ndi ku Nkopola tindolo tikung'anima pamimba, ena angoona pa TikTok basi mawa lake apeza mnzawo yemwe akuti amatha kuboola. Zoti ndi zabwino kapena ndi zoipa si gawo langa, zimenezo mukambirane ndi makolo anu ndi akuluakulu a kumpingo kapena kumzikiti. Gawo langa ndi bala. Olo mulitche sitayilo, ndi bala ndithu, ndipo lili pamalo povuta kupola.

Chomwe ambiri sauzidwa tsiku loboola ndi nthawi. Khutu mukaboola pofewa paja pamapola pa masabata 6 mpaka 8, nde anthu amaganiza kuti mchombo ndi chimodzimodzi. Ayi ndithu. Mchombo umatenga miyezi 6 mpaka 12, ena kupitirira apo. Pamenepa thupi limapindika tsiku lonse, mukakhala pansi papindika, mukawerama kuchapa kapena kutola usipa pathandala papindika, mukakwera kabaza papindikanso, komanso mpomwe pamadutsa lamba wa siketi, batani la jinzi ndi mfundo ya chitenje. Pakangotha mwezi kunja kumaoneka ngati kwapola koma mkati momwe mwadutsa kachitsulo bala limakhala likadali laliwisi.

Ndiye si chilichonse chotuluka pamchombo chomwe ndi mafinya. Masabata oyambirira pamatupa pang'ono, pamayabwa, pamafiirira mozungulira timabowo tiwiri tija, ndipo pamatuluka timadzi toyererako kapena tachikasu pang'ono tomwe timauma n'kupanga tinkhanambo pa kachitsulo. Zimenezo ndi zabwinobwino, thupi likugwira ntchito yake. Tizilombo tikalowa nkhani imasintha: ululu m'malo mochepa ukuwonjezeka tsiku ndi tsiku, pena kumachita kugunda usiku mpaka tulo osabwera, kutupa kukukula kutuluka kunja kwa mchombo, ndipo zotulukazo ndi zolimba, zachikasu kwambiri kapena zobiriwira, zonunkha. Kwa ife a khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, pamangoda kwambiri kapena kunyezimira, nde sambani m'manja muyike kuseri kwa chala pambali pa mchombo kenako muyike mbali ina ya mimba, mukamva kuti pamchombopo pakutentha kwambiri dziwani kuti zayambika. Kawirikawiri wolakwa amakhala kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, komwe anthu ambiri timayenda nako pakhungu ndi m'mphuno osadwala, kamangodikira pomwe khungu lang'ambika. Nchifukwa chake dzanja losasamba lomwe likungogwiragwira kandolo kuti muone ngati kakuwala ndi mdani wanu wamkulu.

Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse bwino achemwali. Munthu akaona mafinya amachita mantha, amamasula kandolo n'kukataya poganiza kuti papola msanga. Musatero chonde. Kachitsulo kaja ndi komwe kakusunga njira yotseguka kuti mafinya azituluka. Mukakachotsa khungu la pamwamba limatsekeka mwachangu kwambiri chifukwa bala ndi latsopano, mafinya n'kutsekeredwa mkati, zili ngati kutseka ngalande madzi akadali kubwera, amakafuna kwina kolowera. Mapeto ake ndi chithupsa cha mkati chomwe kuchipatala amachita kung'amba kuti chituluke, chipsera chake n'kuposa kabowo komwe munkaopa kaja. Woti anene kuti kachoke ndi adokotala kapena anesi atapaona kaye, ndipo nthawi zina amanenadi kuti kachoke, koma akhale iwowo. Kufinya nakonso ayi, mumangokankhira tizilombo mkati.

Nanga pakhomo mupange chani ngati zangoyamba kumene, thupi silikutentha ndipo kutupa sikunafalikire? Madzi a mchere basi. Abwino kwambiri ndi aja a ku famase otchedwa normal saline, omwe aja amakhala mu dilipi, mchere wake ndi 0.9 peresenti wofanana ndi wa m'thupi mwathu nde sawotcha bala. Ngati muli kutali ngati ku Makanjira kapena ku Katuli komwe famase si pafupi, wiritsani madzi mpaka abwate bwinobwino, muyeze kapu imodzi ya 250 ml, muthiremo kota ya tiyisipuni ya mchere. Kota chabe. Ena amaganiza kuti mchere ukachuluka ndiye kuti mankhwala alimba pomwe akungowotcha khungu latsopano, pamauma n'kuyamba kung'ambika. Dikirani madziwo azizire akhale ofunda chabe, sambani m'manja ndi sopo, muwathire m'kakapu kakang'ono kotsuka bwino, weramani muvindikire kakapuko pamchombo mothinitsa, kenako gonani chagada pang'onopang'ono kakapu kali pompo kuti mchombo ukhale m'madzi mphindi 5 mpaka 10. Tinkhanambo timafewa tokha n'kuchoka, palibe chifukwa chotokosa ndi chikhadabo. Mukatha tsukuluzani ndi madzi owiritsa opanda mchere n'kuumitsa ndi gozi woyera kapena tishu watsopano, osati thaulo la nyumba yonse lija, ndipo thonje lisiyeni chifukwa limasiya ulusi wokola pa kachitsulo. Kawiri patsiku, mmawa ndi madzulo, zakwana. Madzi otsala tayani, mawa mupange ena.

Zoti muzizunguliza kandolo kapena kukakankhira mmwamba ndi pansi kuti kasamatirire ndi malangizo akale olakwika. Mukatero mukukokera nkhanambo ndi litsiro mkati ndipo mukung'amba khungu lomwe likuyamba kumera. Kasiyeni kakhale phee.

Tsopano zomwe anthu amathira pabala kuno, aaa zimandimvetsa chisoni. Sipiriti, Dettol wosasungunula, hydrogen peroxide, Colgate, madzi a mandimu, phulusa, ena kumatula kapisozi n'kuwaza ufa wake pamchombo. Anthu amakhulupirira kuti chikamawawa ndiye kuti chikugwira ntchito, pomwe sipiriti ndi peroxide zimapha ndi timinofu tatsopano tomwe timayenera kutseka balalo, nde m'malo mwa miyezi 6 mumangodziwonjezera nthawi. Vaseline ndi mafuta ena odzola amamata kabowo, mpweya osalowa, fumbi n'kumakakamira pompo. Jivi naye amangopenta malo onse, mukafika kuchipatala adokotala saonanso bwino pomwe kutupa kwalekezera. Ululu ukakhalapo imwani Panado monga mwalembedwera papaketi, basi.

Kutentha kwa kuno mukukudziwa, Okutobala ndi Novembala dzuwa likuswa mtengo thukuta limatsikira pamchombo pomwepo n'kukhazikika chifukwa ndi polowa. Mukatuluka thukuta kwambiri tsukani ndi madzi oyera muumitse. Valani zomasuka, diresi kapena siketi yomangira m'munsi mwa mchombo, ma jinzi okwera mpaka pamimba aja dikirani nawo kaye. Chitenje muzimangira cha m'mbali kapena m'munsi kuti mfundo isakhale pa kandolo. Ndipo amayi ndi atsikana ovala mikanda m'chiuno, iyi ambiri amaiwala: mukakhala pansi mikanda imakwera n'kumakhuza kandolo, tsiku lina ulusi umakola kampira ka pamwamba pa kandolo n'kukoka, nde kapena muivule kaye kapena ikhale yotsika kwenikweni. Pogona gonani chagada kapena chammbali, ndipo ngati muli ndi khanda samalani timiyendo take poyamwitsa. Abambo akunyumba kapena chibwenzi naye auzidwe kuti pamenepo sipogwira kapena kuyikapo pakamwa mpaka papole, malovu ali ndi tizilombo tambiri.

Nkhani ya nyanja ndi yovutirapo chifukwa kwa ambiri a m'mbali mwa nyanja, ku Malombe ndi mumtsinje wa Shire komweko ndiye kubafa. Koma bala latsopano kapena loti layamba mafinya lisamizidwe m'madzi amenewo, ngakhalenso mu ma pool a kumalo ogona alendo. M'madzi mumakhala tizilombo tina ngati Pseudomonas tomwe timakonda malo onyowa ndipo mafinya ake amakonda kukhala obiriwira. Tungani madzi a pa mjigo kapena pa mpopi musambe ndi kapu, ngati ndi a m'nyanja awiritseni kapena muthire klorini, sopo asakhalire pamchombo, ndipo pomaliza muumitse bwino. Wina akati tiye ku Monkey Bay pa Khirisimasi pitani mukadye chambo, mukajambulitse, koma kusambira dikirani.

Pali vuto lina lomwe limanamizira mafinya koma si tizilombo. Tindolo totchipa ta pamsika tambiri timakhala ndi chitsulo cha nickel chomwe matupi ambiri sagwirizana nacho. Mukaona kuti pakuyabwa kwambiri kuposa kupweteka, patuluka totupa ting'onoting'ono, khungu likusupuka ndi kuchita madzi koma osanunkha, makamaka ngati ndolo za m'makutu zotchipa kapena batani la jinzi zimakupangani chimodzimodzi, ganizirani zimenezo. Apa maantibayotiki sathandiza, chofunika ndi kusintha kachitsulo kukhala ka titanium kapena golide weniweni wa 14 karat kupita mmwamba, osati wongopaka mtundu, ndipo asinthe munthu wodziwa ndi zida zoyera atavala magolovesi.

Tsono pali pomwe za pakhomo zimathera. Mukatsuka bwino masiku 2 kapena 3 osaona kusintha, pitani. Koma ngati thupi likutentha, mukunjenjemera, kutupa kukufalikira pamimba, mwaona mizere yofiira kapena yakuda ikuchokera pamchombo, mwatuluka mwanabere m'mphechepeche kapena kukhwapa, pali chotupa cholimba pansi pa khungu, kapena kampira ka kandolo kayamba kumira m'mnofu, musadikire mawa, nyamulani kabuku kanu ka kuchipatala tsiku lomwelo. Chipatala chachikulu cha boma chili pa boma pompa, a ku Nankumba ali ndi cha Monkey Bay, a kutsidya ali ndi St Martin's ku Malindi ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera. Ngati muli ndi shuga, muli pa ma ARV kapena muli oyembekezera musayese n'komwe zoyamba mwadikira masiku, inu pitani mukangoona chizindikiro choyamba chifukwa mabala amakula msanga. Mukasowa poyambira funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 929, ndi ulere.

Chomwe chimachedwetsa atsikana ambiri ndi manyazi, anaboola mobisa nde akuopa kuti amayi adziwa kapena anesi akalipa, amangobisa ndi chitenje mpaka kulephera kuwongoka. Kukalipidwa kumatha mphindi zochepa. Mukafika nenani zoona, munaboola liti, anaboola ndi chani, mwathirapo zotani, chifukwa mankhwala amatengera zimenezo. Akakupatsani maantibayotiki mumalize onse olo papole pa tsiku lachitatu, ndipo zogula makapisozi awiri atatu pa gulosale kapena kupempha otsala a aneba ndi zomwe zikupangitsa kuti tizilombo tisiye kumva mankhwala.

Za chida chomwe anaboolera musabise ngakhale pang'ono. Singano yosokera yowotcha pa kandulo si yoyera, ndipo kamfuti koboolera makutu kaja si ka pamchombo, kamaphwanya mnofu komanso sikatsukika mkati. Yoyenera ndi singano yatsopano ya m'paketi yotsegulidwa inu mukuona, munthu mmodzi singano imodzi. Ngati munaboola pagulu singano imodzi kuzungulira anthu angapo, thamangirani kuchipatala asanathe maola 72 mukafunse za PEP, mankhwala oteteza ku HIV, chifukwa maola amenewo akadutsa sagwiranso ntchito. Matenda a chiwindi a hepatitis B amapatsirana mosavuta kuposa HIV kudzera m'njira yomweyi, ndipo katemera wake analowa m'gulu la akatemera a ana kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti obadwa chakacho chisanafike ambiri sanabayidwe ali makanda. Mufunsenso za katemera wa kafumbata ngati papita zaka zambiri musanabayitse.

Kandolo koyamba kaja musasinthe chifukwa choti mwaona kena kokongola, dikirani papoleretu. Amene ali ndi pathupi asaboole, ndipo yemwe anaboola kale n'kupola ndi bwino achotse mimba isanakule kwambiri chifukwa khungu likamakokeka kabowo kamatha kung'ambika. Ngati kwanu kuli mtundu wotupa zipsera, zija zimakula m'makutu, ganizani kawiri musanaboole chifukwa zikayamba pamchombo zimavuta kuchiza ndipo zimatha kubwereranso olo azidule. Komanso pali matupi ena omwe amangokana kachitsulo olo mutasamala bwanji: mumaona khungu la pakati pa timabowo tiwiri tija likuchepa ndi kupyapyala mpaka chitsulo kumaonekera mkati, popanda mafinya kapena kutentha. Apo ndiye kosiyana ndi poyamba paja, pitani akakuchotseni msanga kasanatulukire kokha, mupitirize kutsuka ndi madzi a mchere mpaka patsekeke.