Mano oikirira: kapangidwe, kavalidwe ndi kasamalidwe kake

Dzino likazulidwa, fupa limene linkaligwira limayamba kuphwa. Limaphwa mofulumira m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. Mano oikirira sasintha, koma mkamwa mumasintha, ndipo mavuto ambiri amene anthu amadandaula nawo amachokera pamenepa.

Mano oikirira alipo a mitundu iwiri. Ngati mano onse a nsagwada imodzi anatha, amakupangirani athunthu, nthawi zambiri mano 14 m'mwamba ndi 14 m'munsi, omatidwa pa pulasitiki yofanana mtundu ndi nkhama. Ngati ena alipo, amakupangirani otseka magweru okha, okhala ndi tizitsulo tokola mano otsalawo.

Dokotala wa mano amayamba ndi kuchiza mano obooka ndi nkhama zodwala. Ngati mwangozulitsa kumene, ndi bwino kudikira milungu 8 mpaka 12 kuti mabala apole. N'zotheka kuvala oikirira tsiku lomwelo lozula, koma dziwiranitu kuti pakapita miyezi ingapo adzayamba kukhwepa ndipo padzafunika kuwonjezera pulasitiki mkati mwake. Kupangako kumafuna maulendo 4 kapena 5: kudinda chikombole cha nkhama, kuchidindanso mosamalitsa, kuyeza mmene nsagwada zimakumanirana, kuyesa mano ali pa phula, kenako kulandira enieniwo. Ulendo wa phulawo musauchepetse. Dziyang'aneni pagalasi, lankhulani, mwetulirani. Ngati mano akuoneka aatali kapena oyera mopitirira, nenani pomwepo, chifukwa akawaumitsa kusintha kumavuta.

Milungu yoyambirira imakhala yovuta ndithu. Malovu amachuluka, mawu ena amatuluka ngati mukuimba mluzu, ndipo penapake pamanyuka. Kuwerenga mokweza tsiku ndi tsiku kumathandiza lilime kuzolowera. Yambani ndi zakudya zofewa zoduladula, ndipo muzitafuna mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukatafunira mbali imodzi, mbali inayo imatukuka. Kuluma chinthu cholimba ndi mano akutsogolo kumachititsanso kuti kumbuyo kumatuke.

A m'munsi ndiwo amavutitsa kwambiri. A m'mwamba amakhala ndi malo aakulu omatirira, ndipo malovu amawathandiza kugwira ngati mmene magalasi awiri onyowa amamatiranirana. A m'munsi amangokhala pa kamzere kochepa ka nkhama, uku lilime likuwakankha, uku masaya. Amene fupa lawo linaphwa kwambiri angafunse za kuikidwa tizitsulo tiwiri m'nsagwada toti manowo azikolapo.

Pakanyuka, bwererani kwa dokotala, ndipo muwavale kwa maola angapo musanapite kuti malo opwetekawo aonekere. Musawapale nokha ndi mpeni kapena tupa. Ambiri amapala malo olakwika, mano n'kusiyiratu kugwira. Akathyoka musawamate ndi guluu wa m'nyumba: amapsereza nkhama, ndipo zidutswa zikamatidwa mopotoka katswiri sangazilumikizenso bwino.

Kutsuka ndi kosavuta. Muziwatsuka ndi madzi mukatha kudya, ndipo kamodzi kapena kawiri patsiku muwakweche mbali zonse ndi mswachi wofewa ndi sopo wamba, makamaka mkati mokhudza nkhama. Mankhwala otsukira mano achibadwa amakanda pulasitiki, ndipo tizilombo timabisala m'mikwingwirima imeneyo. Tsukirani pamwamba pa beseni la madzi kapena thaulo, chifukwa akagwera pansi pouma amasweka. Madzi otentha amawapotoza. Bulichi amawononga tizitsulo tokolera tija. Musaiwale kutsuka nkhama, lilime ndi mano otsala, makamaka okoledwa ndi tizitsulo, poti ndi amene amayamba kubooka.

Usiku avuleni, muwaviike m'madzi ozizira kapena m'mankhwala ake oviikira, ndipo muwatsukuluze musanavale m'mawa. Ambiri amachita manyazi kugona opanda mano, koma nkhama zophimbidwa usana ndi usiku zimagwidwa mafangasi. Zimafiira malo onse okhudzana ndi pulasitiki, nthawi zambiri osapweteka, ndipo m'mbali mwa milomo mumang'aluka. Odwala matenda a shuga ndi amene mkamwa mwawo mumauma amagwidwa msanga. Mankhwala okha sathetsa vutoli ngati manowo sakutsukidwa bwino, chifukwa mafangasiwo amakhalanso pa pulasitiki.

Zomatira mano oikirira zilipo, ndipo timadontho 3 kapena 4 pa mano ouma ndi tokwanira. Zikamasefukira m'mbali, mwachulutsa. Mukaona kuti mukufunika kupaka kangapo patsiku, vuto si zomatirazo ayi, manowo akhwepa ndipo akufunika kuwonjezeredwa mkati kapena kupangidwanso. Ambiri amafunika atsopano pakatha zaka 5 mpaka 10.

Ngakhale mulibe dzino ndi limodzi lomwe, kaonekeni kwa dokotala kamodzi pachaka. Chilonda, chotupa kapena banga loyera kapena lofiira limene latha milungu iwiri osapola likufunika kupimidwa msanga, makamaka kwa osuta fodya ndi omwa mowa, chifukwa khansa ya mkamwa imatha kuyamba ngati kachilonda konyulidwa ndi mano oikirira.