Mukufuna aquaponics kuseri kwa nyumba? Musayambe ndi kugula nsomba

Anzanga alimi a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, masiku ano ndikamayenda m'midzi pa nkhani za ulimi wa nsomba funso limene likungobwerabwera makamaka kwa achinyamata ndi la aquaponics, akuti alangizi taona pa foni anthu akuweta nsomba m'thanki pamwamba pake pali masamba obiriwira bwino popanda dothi, ife tingayambe bwanji? Nde ndati ndilembe zonse pamodzi poti pamsonkhano nthawi imachepa.

Chifukwa chomwe anthu akufunira zimenezi ndikuchimvetsa. Kuno malo ndi ochepa, gawo lalikulu ndi minda ya tiyi, munthu kamunda kake kamodzi komweko akufunapo chimanga, nandolo, chinangwa, nthochi, nde damu alikumba pati? Komanso amene anali ndi madamu m'mbali mwa mitsinje akukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023, madzi anadutsa ndi nsomba zonse, madamu ena anakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Koma ndinene pompano, ngati muli ndi malo kudimba komwe madzi amayenda chaka chonse, kumbani damu basi, ndi lotchipa ndipo silifuna magetsi. Aquaponics ndi ya inu amene muli ndi kamalo kakuseri kwa nyumba, kaya pa Chitakale, pa Luchenza, pa Limbuli, ndipo muli ndi njira yoyendetsera pampu usana ndi usiku.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Nsomba ikadya imatulutsa ammonia, wina mu ndowe koma wambiri kudzera m'makha muja imapumira. Ammonia ameneyu ndi poizoni kwa nsomba yomweyo. M'damu lalikulu amasungunuka m'madzi ambiri aja, koma m'thanki alibe kopita. Nde pampu imakweza madziwo kupita m'bedi lodzadza timiyala, pa timiyala timeneti pamakhala mabakiteriya osaoneka ndi maso, gulu lina limasandutsa ammonia kukhala nitrite, amene naye ndi poizoni, gulu lachiwiri nkusandutsa nitrite kukhala nitrate. Nitrate ndi chakudya cha mbewu, ndi nayitirojeni yemwe uja timamufuna mu feteleza wobereketsa. Mizu imayamwa, madzi amabwerera kwa nsomba ali bwino. Nde mukuona kuti apa pali ziweto zitatu, nsomba, mbewu ndi mabakiteriya, ndipo chachitatuchi chimene simukuchionacho ndi chimene chimayenera kukhala choyamba kufika. Ambiri amalakwitsa pamenepa, amamanga Loweruka, Lolemba athiramo nsomba 100, sabata isanathe zayandama zonse nde nkumati aquaponics ndi yabodza.

Pa zipangizo musavutike ndi zokongola za pa foni zija. Thanki yoyera ija ya malita 1000 yokhala mu khola la zitsulo ndi yokwanira poyambira, mumaidula chakumtunda, chidutswa cham'mwamba chakuya masentimita 30 mumachitembenuza nkuchikhazika pamwamba kukhala bedi, cham'munsi chimatsala cha nsomba. Olo madilamu abuluu apulasitiki a malita 200 odula pakati mlitali amapanga mabedi abwino. Koma chonde funsani kuti munali chani. Kuno kuli mafakitale ndi ma esiteti, zigubu zambiri zogulitsidwa zinasungapo mankhwala, ndipo pulasitiki imagwira mankhwala olo mutsuke kangati. Gulani yomwe munali zakudya ngati mafuta ophikira kapena shuga wamadzimadzi, ngati wogulitsa akuzengereza poyankha isiyeni. Zamalata ndi mapaipi a galvanised ayi, zinki amapha nsomba pang'onopang'ono.

Pokhazika kumbukirani kuti malita 1000 a madzi ndi tani imodzi. Kwathu kuno malo ambiri ndi otsetsereka ndipo dothi limafewa ndi mvula, nde salazani bwinobwino, yalani njerwa zowotcha. Masamba akufuna dzuwa maola osachepera 6, koma thanki ya nsomba ikhale yophimbidwa m'mbali kuti ndere isamere. Pamwamba pa bedi ikani kadenga ka pepala la pulasitiki loonekera, mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, ikagwa masiku atatu osalekeza imasefukiritsa thanki nkutaya chakudya chonse cha mbewu chomwe munasonkhanitsa. Ndipo thankiyo ikhale ndi chivindikiro cholimba ngati pakhomo pali ana ang'ono, izi sindikunyengerera.

Timiyala ta m'bedi tikhale ta kwale kapena ta kumtsinje, kukula ngati chala chachikulu, osati mchenga. Tsukani mpaka madzi atuluke oyera. Tengani pang'ono muthire viniga, tikachita thovu ndiye kuti ndi miyala ya laimu imeneyo, ikweza kwambiri pH (muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa), musagwiritse ntchito. Madzi m'bedi asafike pamwamba penipeni, alekeze masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pamwamba pa timiyala kuti tsinde la mbande lisaole. Pali kachipangizo kotchedwa bell siphon kamene kamapangitsa bedi kudzadza nkuphwa lokha kuti mizu ipume, nkabwino koma kamavuta kuchuna, woyamba kumene akhoza kungoimika paipi yotulutsira madzi pa mulingo ndanena uja madzi nkumayenda osalekeza, zimathekanso. Pampu ikhale yotha kuzunguza madzi onse a m'thanki kamodzi pa ola.

Tsopano magetsi, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ine ndinalira. Kathanki kanga koyamba kanali kakuyenda bwino miyezi itatu, makumba akukula, mpiru ndikuthyola, kenaka tsiku lina mu Novembala kukutentha magetsi anazima madzulo ine ndili kumaliro kutali, pofika mmawa nsomba zikuluzikulu zonse zinali zitafa, zotsala zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa ndinkadziwa ndithu kuti madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndinangonyalanyaza kugula batire. M'thanki yodzadza nsomba, pampu ikaima maola ochepa chabe mpweya umatha. Nde musanagule nsomba olo imodzi khalani ndi kapampu ka mpweya kaja kotulutsa thovu m'madzi kolumikiza ku batire, kamadya moto pang'ono kwambiri. Ngati muli pa sola werengerani usiku, osati masana okha. Pampu ya mawati 30 ikayenda maola 24 yadya mayunitsi 0.72 pa tsiku, pa mwezi ndi mayunitsi pafupifupi 22, werengerani nokha ngati thumba likulola. Ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti zonse zikakanika atenge chidebe azitunga madzi a m'thankimo nkumawathira kuchokera m'mwamba mobwerezabwereza, zimapulumutsa.

Madzi a pampopi wa bodi amakhala ndi klorini yemwe amapha mabakiteriya athu aja, atungeni akhale padzuwa osavindikira tsiku limodzi kapena awiri musanathire. A pamjigo ndi a mipopi yochokera m'phiri ndi abwino bola muwayeze kaye. Omwe amachokera kumunsi kwa minda yopoperedwa mankhwala asiyeni.

Mukamanga zonse, thirani madzi, yatsani pampu, kenaka dikirani. Kudikiraku ndi masabata 3 mpaka 6, kukazizira kumapitirira apo. Mabakiteriya amabwera okha koma amafuna chakudya, nde muziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono tsiku ndi tsiku kuti kaziola nkutulutsa ammonia, kapena ikanimo tinsomba 5 tokha muzitipatsa pang'ono kwambiri. Zitosi za nkhuku zomwe timathira m'madamu muno ayi, masambawa ena monga letesi mudya osaphika. Gulani test kit yoyezera pH, ammonia, nitrite ndi nitrate, imapezeka m'mashopu ogulitsa za nsomba zoweta m'magalasi mu Blantyre, ndikudziwa ndi yodula koma mukhoza kusonkherana anthu atatu anayi pa kalabu. Muona ammonia akukwera kaye, kenaka nitrite akukwera ammonia akutsika, kenaka onse awiri atsika pansi pa 1 mg pa lita nitrate nkuyamba kuoneka. Pamenepo nde mwakonzeka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa ulimi uwu mwezi umenewu wongoyang'ana madzi opanda kanthu ndi umene umasiyanitsa odya nsomba ndi okwirira nsomba.

Nthawi yoyambira ndi yofunika kwambiri kwa ife a kumapiri kuno. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30, akatsika pansi pa 20 kudya kumachepa, chakuma 17 zimangokhala, akafika kuma 11 kapena 12 zimayamba kufa. Nde taganizani chiperoni cha mu Juni ndi Julaye ku Bvumbwe kapena ku Thyolo boma, kathanki kakang'ono kamazizira msanga kuposa damu lokumba pansi. Ine ndimalangiza kumanga mu Ogasiti, kuyendetsa madzi mu Seputembala, kuika nsomba kumayambiriro a Okutobala, zikule nyengo yonse yotentha mudzakolole mu Epulo kapena Meyi kuzizira kusanafike. Zotsala m'nyengo yozizira kutirani thanki ndi udzu kapena masaka ndipo chepetsani chakudya.

Mtundu wake, makumba ndi amene ndimawakonda kwa woyamba, amapirira. Chilunguni ndi chabwinonso, chimadya ndi masamba omwe. Mlamba umapirira mpweya ukachepa chifukwa umatha kupuma pamwamba, koma umadumpha, umadyana wokhawokha ukasiyana misinkhu komanso umafuna chakudya cha mapuloteni ambiri. Musatengeke ndi anthu okuuzani kuti akubweretserani Nile tilapia kuchokera kunja poti imakula msanga, malamulo a dziko lino saloleza nsomba zachilendo chifukwa choteteza nsomba zathu za m'nyanja ya Malawi. Mbewu ya nsomba funsani ku ofesi ya za nsomba ya boma lanu akulozereni alimi oswetsa odalirika, kapena ku National Aquaculture Centre ku Domasi. Nyamulani mmamawa kukadali kozizira, mukafika yandamitsani jumbo lake m'thanki kwa mphindi 20 musanamasule.

Zingati? Apa ndi pomwe anthu amandikwiyira. Bedi limodzi la sikweya mita imodzi ndi kachidutswa limakwana ndi chakudya cha nsomba cha magalamu 40 mpaka 50 pa sikweya mita pa tsiku ngati mwadzala masamba. Ndiye kuti nsomba 20 kapena 25 basi. Inde zochepa choncho. Kathanki kamodzi si bizinesi, ndi ndiwo zapakhomo ndi sukulu yanu, ndipo phindu lalikulu mulipeza ku masamba omwe muzithyola sabata ndi sabata ngakhale mu Okutobala pamsika repu atakwera mtengo. Mukafuna nsomba zambiri onjezerani mabedi kaye.

Chakudya chikhale cha mapeleti oyandama cha mapuloteni 28 mpaka 32 pa 100. Madeya tinawazolowera m'madamu koma muno amamira, amaola, amatseka timiyala ndipo alibe mphamvu yokwanira mbewu. Patsani kawiri pa tsiku, chomwe chatsala pakatha mphindi 30 chotsani. Mukaona nsomba sizikudya kapena zikupumira pamwamba, siyani kudyetsa tsiku limenelo, yezani madzi, ngati ammonia kapena nitrite wakwera tayani gawo limodzi mwa atatu kudimba lanu la pansi nkuthira atsopano. Nsomba siifa ndi njala ya masiku awiri, imafa ndi chakudya chochuluka.

Mbewu yambani ndi mpiru, repu, chayinizi, bonongwe, letesi. Mbande zochokera ku nazale tsukani dothi lonse ku mizu. Tomato ndi tsabola dikirani miyezi ingapo thanki ikhwime, zimafuna chakudya chambiri. pH isungeni pakati pa 6 ndi 7. Ndi nthawi imatsika yokha chifukwa cha ntchito ya mabakiteriya, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito madzi a mvula imatsika msanga, ikapita pansi pa 6 mabakiteriya amafooka. Sinjani makoko a mazira kapena zigoba za nkhono, mangani m'kansalu muike pomwe madzi akudutsa. Osathira zambiri kamodzi, kusintha kwadzidzidzi nsomba sizikondwa nako. Masamba a kunsonga akachita chikasu mitsempha yake ili yobiriwira ndi ayironi akusowa, funsani chelated iron, ayironi wothira m'madzi yemwe mizu imatha kuyamwa, kwa ogulitsa zipangizo za ulimi.

Chomaliza chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse ndi cha mankhwala a tizilombo. Chilichonse mwapopera pa masamba chitsikira kwa nsomba. Amene mumagula kusitolo aja ayi, koma ngakhale achikuda omwe ife alangizi timakuphunzitsani kudimba, ombwe ndi katupe ndi zomwe makolo ankaphera nsomba m'mitsinje, madzi a fodya nawonso ndi poizoni. Nsabwe za m'masamba zitsukeni ndi madzi kapena thyolani tsamba lagwidwalo, mbozi tolani ndi manja muponyere nsomba zomwezo zidye. Ndipo potchingira mbalame musatenge neti ya udzudzu ija ya kuchipatala, ili ndi mankhwala amene kadontho kake m'madzi kamamaliza thanki yonse, neti imeneyo ikhale pabedi pa ana, kuthanki gulani shade net kapena lukani kachitseko ka nsungwi.