Momwe mungakonzekerere ndi kupezera ndalama zipangizo zamakono pa sukulu ya kwacha

Makomiti ambiri a sukulu za kwacha akamva za zipangizo zamakono amathamangira kufunsa mtengo wa kompyuta, chonsecho sanafunse ophunzira chomwe chinawabweretsa m'kalasi. Yambani ndi kukhala nawo pansi. Mayi wogulitsa tomato mumsika waukulu wa Mzuzu amafuna kudziwerengera yekha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, kuti asamapereke nambala yake yachinsinsi kwa ajenti. Ngati zosowa zili zotere, foni zomwe ophunzira ali nazo kale, ngakhale zamabatani, ndizo chipangizo choyamba, ndipo sizilira ndalama ya komiti.

Mukatero, lembani bajeti ya zaka ziwiri, osati ya tsiku logula lokha. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Tabuleti imafuna kutchaja, bandulo ya intaneti, kabati yokiya, komanso ndalama yokonzetsera galasi likasweka, ndipo zonsezi zilembedwe pambali pa mtengo wake. Popeza magetsi a ESCOM amathimathima, ganizirani za sola, koma kumbukirani kuti kuno ku Mzuzu mitambo imatha kuphimba dzuwa masiku angapo, makamaka nthawi ya dzinja ndi miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kotero batire ikhale yaikulu ndithu. Kuli bwino kugula matabuleti atatu okhala ndi zonse zofunika kusiyana ndi khumi omwe adzagone m'katoni.

Musaiwale mlangizi wophunzitsa m'kalasi. Ikani m'bajetimo masiku omuphunzitsa, ndipo mutha kupempha ophunzira a zamakompyuta a ku Mzuzu University ku Luwinga kuti akuthandizeni. Onaninso kuti zophunzirazo zili m'chiyankhulo chomwe kalasi imamva, poti ku Chibavi kapena ku Zolozolo mumapezeka olankhula Chitumbuka ndi Chichewa pa benchi imodzi.

Tsopano ndalama. Yambirani pafupi: banki m'khonde, mpingo kapena mzikiti womwe umakubwerekani chipinda, ndi zopereka za komiti. Ndalama ya panokha, ngakhale yochepa, imapatsa wothandiza chikhulupiriro. Kenako pitani kwa mlangizi wa chitukuko wa dera lanu, yemwe ndiye amayang'anira sukulu za kwacha m'malo mwa boma, ndipo kudzera mwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya wodi pemphani kuti ntchitoyi iganiziridwe pa thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho kalata yanu ifike miyezi ingapo tsikuli lisanakwane. Fufuzaninso ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, komwe kuli thumba la Universal Service Fund lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 pofuna kufikitsa mauthenga ndi intaneti kwa omwe akutsalira.

Zipangizo zikafika, tsegulani kaundula wolemba nambala ya chipangizo chilichonse, dzina la wosunga kiyi, ndi ndalama yomwe yatuluka mwezi uliwonse, ndipo malisiti onse asungidwe ndi msungichuma, osati mlangizi wa kalasi.