Kasamalidwe ka felemu ya njinga m'chigwa cha Shire

Matayala, tcheni ndi mabuleki zikatha, munthu amagula zina pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, koma felemu ikadyeka ndi dzimbiri ndiye kuti njinga yatha. Dzimbirilo limayambira pamene penti yakalika, choncho ntchito yaikulu ndi kuonetsetsa kuti chitsulo chisakhale poyera.

Yambani ndi malo amene katundu amakhudza. Zigubu za madzi, matumba a makala, thonje ndi mitolo ya nzimbe zimagwedera njinga ikamadumpha m'mabampu, ndipo pakutha kwa miyezi yochepa penti imakhala itachoka. Dulani malegeni kuchokera ku chubu chakale, mukulunge zitsulo za kumbuyo pamene kaliyala imagwira, chitsulo chimene tcheni imamenya, ndiponso chitsulo chopingasa cha pakati pa chishalo ndi mahandulo. Musamange katundu ndi waya, chifukwa waya amadula penti ngati mpeni. Komabe malegeni ali ndi vuto limene a kabaza ambiri saliganizira: amasunga madzi. Njinga ikanyowa kwambiri, amasuleni kuti chitsulo chiume, apo ayi dzimbiri lidzadya felemu mobisika pansi pa mphira wooneka bwino.

Nkhani ya madzi otsukira ndi yofunika kwambiri kuno kusiyana ndi madera a kumtunda. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere umafulumizitsa dzimbiri. Ngati madzi a pamjigo wanu amamveka mchere pakamwa, tsukirani njinga madzi a mvula kapena a mumtsinje, ndipo ngati palibe ena, ipukuteni nthawi yomweyo ndi nsalu youma. Matope a makande musawapale ndi mpeni kapena kamtengo atauma, koma anyowetseni kaye kuti afewe, chifukwa mchenga umene uli m'matopewo umakala penti.

M'nyengo ya madzi osefukira, monga zinachitikira mu 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu 2023, njinga zambiri zimamizidwa kapena kukankhidwa m'madzi ofika m'chiuno. Kunja kumauma msanga ndi dzuwa lathuli, koma m'kati mwa felemu madzi amakhalamo masiku ambiri. Zulani chishalo pamodzi ndi chitsulo chake, mutembenuze njinga chadodolido kuti madzi atuluke, muisiye iume, kenako mudonthezemo oyilo pang'ono ndi kupaka girizi pa chitsulo cha chishalo musanachibwezere.

Felemu imapindika kapena kulowa m'kati kawirikawiri njinga ikagwa itasenza katundu. Sitandi siigwira bwino pa mchenga, choncho ikani kathabwa kapena mwala wafulati pansi pake, ndipo tsitsani katundu wolemera musanaisiye yokha. Powoloka Shire pa bwato, pemphani kuti njinga yanu isapsinjidwe ndi matumba, ndipo ikani saka pakati pa iyo ndi njinga za anzanu kuti mapedulo awo asaimenye. Iimikeni pa mthunzi ngati n'kotheka, pakuti dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limazilalitsa penti ndi kung'alula malegeni.

Mukaona pokalika, musadikire. Tsukani pamalopo, mukweche dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiyere, mupake red oxide, penti yofiira yoteteza chitsulo ku dzimbiri, ndipo ikauma mupake penti ya oyilo kawiri mopyapyala. Ngati penti palibe, girizi kapena polishi wa zikhadabo amatchinga madzi kwa kanthawi. Kubonyoka kwakung'ono pakati pa chitsulo sikuletsa njinga kuyenda, ndipo kukumenya ndi hamala kumangowonjezera vuto. Mng'alu wa pafupi ndi mahandulo, pa foloko kapena pamene zitsulo zinalumikizana ndiwo woopsa. Njinga yotere musakwezepo munthu mpaka wowotcherera ataiona, ndipo akawotcherera mupakepo penti tsiku lomwelo, chifukwa moto umakhala utapsereza yakale yonse pamalopo.